Intaneti ya ku Dikirani Ibwerera Kumchira

Ufumu wa Dikirani si waukulu ndipo si waung'ono. Uli ndi mapiri ake, madambo ake, mbendera yake ndi nyimbo ya fuko yaitali moti oimba amapumulira pakati. Ulinso ndi intaneti, ngakhale kuti alendo ena adabwerera kwawo osakhulupirira zimenezi.

Munthu wa ku Dikirani akafuna kutsegula uthenga, amadina foni yake, n'kuiika pawindo, iye n'kupita kukachita zina. Pagalasi la foniyo pamatsala kagudumu kozungulira. Ena amakachapa, ena amakametetsa, ena amakaona odwala kuchipatala n'kubwerako. Ku Mawamawa, likulu la ufumuwo, kuli mayi wina amene adatumiziridwa chithunzi cha mdzukulu wake wakhanda. Chithunzicho chidayamba kuoneka ndi kumutu, n'kumatsika pang'onopang'ono. Pamene mapazi ankatulukira, n'kuti mwini mapaziwo atayamba kuyenda.

Chimene sichinkachedwa ndi mtengo wake. Umenewo unali ndi miyendo.

Tsono kutsidya kwa nyanja zamchere kuli bungwe la anthu osowa chochita lotchedwa Oyeza. Chaka ndi chaka Oyeza amasankha sabata imodzi yoyezera intaneti ya maiko onse. Iwo sabwera ndi sikelo ayi. Mafoni a anthu a m'dziko lililonse ndiwo amawatumizira mbiri ya mmene intaneti ikuyendera, iwo n'kusanja maikowo pa masamba awiri, tsamba la liwiro ndi tsamba la mtengo. Ku Pompano filimu yathunthu imagwera m'foni munthu asanapeze pokhala, ndipo intaneti ya mwezi wonse amaigula pa mtengo wa mulu wa tomato. Ku Msangamsanga amaigula pa mtengo wa nkhuku, koma nkhukuyo imathamangadi. Ku Bolako, ufumu woyandikana ndi Dikirani, zinthu n'zomvetsa chisoni ndithu. Kenako, pansi penipeni pa tsamba la liwiro, pamene munthu amagwira ndi chala powerenga, pankakhala Dikirani. Pa tsamba la mtengo ndiye Dikirani ankatsogolera maiko onse odula. Intaneti ya mwezi umodzi inali mbuzi yabere.

Amene ankayenera kudandaula ndi zimenezi anali a Yotamu Kamtedza, Nduna ya Mauthenga ndi Mawaya. Koma a Kamtedza sankadandaula. Anali munthu wofatsa, woyenda ngati akuopa kudzutsa nyerere, ndipo adakhalitsa pampando wawo chifukwa cha nzeru imodzi: sankayambitsa kanthu. Mndandanda wa Oyeza unkatumizidwa kunyumba yachifumu pa intaneti, choncho unali usanafikeko ndi kale lonse. Mtendere wa a Kamtedza unali pamenepo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china Mfumu Zengerezu Wachiwiri adaitanidwa ku ukwati wa mwana wa mfumu ya ku Pompano. Pa nthawi ya chakudya mwini ukwati adaimirira n'kuthokoza mafumu onse amene adabwera. "Makamaka mbale wanga wa ku Dikirani," adatero, "amene ndidamtumizira uthenga womuitana tsiku limene mkwatibwiyu adabadwa, kuti umufike nthawi yabwino." Mafumu adaseka mpaka zisoti kupendekeka. Pobwerera, wina wachifundo adalowetsa mndandanda wosindikiza m'chikwama cha mlendo wa ku Dikiraniyo.

Itangofika kwawo, Mfumu idaitanitsa bwalo la nduna. Ndunazo zidakhala pa timipando tatifupi, monga mwa mwambo, kuti mutu wa munthu usapose bondo la Mfumu.

"A Kamtedza," idatero Mfumu itatambasula pepala lija, "dziko langa lili pati apa?"

A Kamtedza adawomba m'manja, n'kusendera pafupi. Adayamba kufufuza kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere, ngati kuti mwina chaka chimenecho kumwamba kudachitika zachifundo.

"Musavutike, ndakupezerani kale. Tili kumchira. Ngakhale Bolako ali pamwamba pathu. Bolako! Anthu oti mbendera yawo adasoketsa kwa telala wathu!"

"Pepani, Mwinidziko."

"Kupepesa n'kwa pamaliro. Ine ndikunena pamaso pa bwalo lino: chaka chamawa tikakhalanso kumchira, dzina lanu mudzalimva pa wailesi."

Ku Dikirani nduna siichotsedwa ndi kalata. Imamva pa nkhani za masana, pakati pa mitengo ya feteleza ndi zanyengo, ndipo nkhanizo zisanathe lole ya boma imakhala itaima kale pakhomo. A Kamtedza adaganiza za nyumba yaunduna ya ku Phiri la Nduna, ya khonde lozungulira ndi mitengo ya mapeyala imene adabzala okha. Adaganizanso za nyumba yawoyawo ya kumudzi, imene idaima pa mawindo kalekale, ndipo pabalaza pake padamera mkuyu woti anthu amapumapo mthunzi. Akazi awo, mayi Esitere, anali atanena kale poyera kuti iwo si mbalame.

Nduna ya Chuma idati ndalama zogulira chingwe chachikulu zidalipo ndithu, koma zidapita nawo ku ukwati. Nduna ya Miyambo idakumbutsa bwalo kuti kuthamanga sikufika.

"A ku Pompano afika," idatero Mfumu, ndipo Nduna ya Miyambo idayamba kuchita chidwi ndi nsapato zake.

Amene adapulumutsa bwalo anali a Chapola, Mkulu wa Mdipiti, bambo wa chifuwa chodzaza mamendulo, amene ntchito yawo inali kuonetsetsa kuti galimoto za Mfumu zikuyenda osaima.

"Ndifunseko, a Nduna," adatero a Chapola. "Chimaichedwetsa n'chiyani intanetiyi?"

"Chingwe chathu n'chimodzi, ndiponso n'chaching'ono," adayankha a Kamtedza. "Ofuna kudutsamo ndi ambiri. Zili ngati msewu wopapatiza pa tsiku la msika."

"Msewu?" A Chapola adamwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mbale wake kuchilendo. "Bwanji osanena kale? Mwinidziko, chiyambireni kulamulira, mudayamba mwachedwapo pamsewu?"

"Sindikumbuka."

"Simungakumbuke, chifukwa timatseka. Mukamadutsa inu, wanjinga, wangolo, wa minibasi, wodwala, mkwati, onse amaima pambali. Msewu umatsala pululu. Nanga intaneti ndi ndani kuti isatsekedwe? Sabata yoyeza ikafika, aliyense aime pambali, mudutse inu nokha. Tione ngati Pompano angatipeze."

Mfumu idagwedeza mutu movomera. A Kamtedza ankadziwa kuti Oyeza amafuna mbiri yochokera m'mafoni ambiri, osati imodzi. Adatsegula pakamwa. Koma ku Dikirani mutu wa Mfumu ukagwedezeka nkhani yatha, ndipo amene wapezeka ndi pakamwa potsegula amayenera kupapezera ntchito ina.

"Nzeru zakuya," adatero a Kamtedza.

Lamulo lidalengezedwa ndi chimkuzamawu pa msika wa Tiyeseko. Lidati pa sabata yoyeza mafoni onse a m'ufumu azimitsidwe, kuti uthenga wa Mfumu udutse mwaulemu. Lidati mapolo onse onyamula chingwe apakidwe laimu kufika m'chiuno. Lidatinso wopezeka akudina foni adzazengedwa mlandu wodutsa kutsogolo kwa mdipiti.

A Kamtedza adaima kumbuyo kwa wolengeza, atavala suti, kuti amve mmene anthu alilandirire lamulolo.

"Akuti tizimitse chiyani?" adafunsa bambo wina wogulitsa makala.

"Intaneti," adamuyankha mnzake.

"Inali yoyaka?"

Pafupi pomwepo panali Nangondo, mayi wogulitsa kaunjika, amene msika wonse unkamuopa pakamwa. Iye ankagula intaneti mwezi ndi mwezi kuti azilankhulana ndi omutumizira mabelo a zovala kudoko la ku Msangamsanga. Atawaona a Kamtedza, adawakodola ndi kajekete kamene kanali m'manja mwake.

"Bwana Nduna, tafikani kuno. Inetu mbuzi yanga ya mwezi uno ndapereka kale. Sabata imene mukutsekayo mundibwezera mwendo?"

"Mayi, izi n'zothandiza dziko."

"Dziko lake liti? Lomwe tikukhalamoli, kapena muli ndi lina?"

"Tikufuna tichoke kumchira, mayi."

"Ooh. Ndiye mukakathamanga nokha kumeneko, mudzatiuze mmene zimamvekera."

Sabata yoyeza idafika ndi ulemerero wake wonse. Mapolo adayera mbee. Magulu a amayi ovina adandandalikidwa pansi pa chingwe kuyambira kunyumba yachifumu mpaka kumalire, kuti uthenga ukamadutsa pamwamba aziululutira. A Chapola adaika njinga zamoto za apolisi pachipata kuti ziperekeze uthengawo. Mfumu idavala mkanjo wa zikondwerero, idakhosomola pang'ono, n'kudina foni yake yagolide ndi chala chamkombaphala.

Kagudumu sikadaoneke n'komwe. Uthenga udapita n'kubwerako apolisi asanalize njinga zawo. A Chapola adakhumudwa kwambiri ndi kupanda mwambo kumeneku, ndipo adapempha kuti Mfumu idinenso njinga zitatsogola kaye. Idadinanso. Idadina sabata yonse, m'mawa ndi masana, mpaka chala chidatupa, dokotala wa kunyumba yachifumu n'kuchimanga ndi bandeji ya mitundu ya mbendera.

Amayi ovina aja, dzuwa litawawamba mokwanira, adatuma munthu kukafunsa ngati uthenga uli pafupi. Adauzidwa kuti wadutsa kale kambirimbiri. Adalulutira chingwe, n'kubwerera kwawo wapansi.

Mndandanda watsopano udabwera pa ndege, m'manja mwa mthenga wapadera. Bwalo lidasonkhana, ndipo kunja oimba malipenga anali atanyowetsa kale milomo. Mfumu idayamba kuwerenga kuchokera pamwamba ikumwetulira. Pompano. Msangamsanga. Chala chidatsika, kumwetulira n'kumatsika nacho. Chidafika pansi penipeni, ndipo pamenepo padalembedwa kuti Bolako.

"A Kamtedza, dziko langa lili kuti?"

Nduna zonse zidathandiza kufunafuna. Nduna ya Chuma idakutumula envulopu. Potsiriza dzikolo lidapezeka kuseri kwa pepala, m'tizilembo ting'onoting'ono: "Dikirani: m'dziko limeneli mwapezeka foni imodzi yokha. Tikuganiza kuti anthu adasamuka."

A Kamtedza adamva lole ikulira m'mutu mwawo. Koma mantha nawo amaphunzitsa munthu kulankhula. Adawomba m'manja.

"Mwinidziko, mawu anu ndi lamulo, ndipo ife timawasunga monga adatulukira. Mudati tisakhale kumchira. Taonani kumchirako. Kodi tiliko?"

Mfumu idayang'ana. Kunalidi Bolako.

"Sitiliko," idavomera. "Komanso kulibe kumene tili." Idasisita chala chake chabandeji. "Nkhaniyi ndiiganizira. Musapite kutali ndi wailesi."

Masiku otsatira a Kamtedza adaonda. Nthawi ya nkhani za masana ikakwana ankakhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo, ndipo mitengo ya feteleza adaidziwa pamtima. Mayi Esitere adayamba kupempha makatoni m'magolosale.

"Mukufulumiratu, mayi," adatero a Kamtedza atawapeza akukulunga makapu m'nyuzipepala. "Dzina silinatchulidwe."

"M'dziko muno wina ayenera kufulumirako," adayankha mayi Esitere. "Tandipatsirani mbale zagalasizo."

Chipulumutso chidabwera ndi fumbi. Tsiku lina m'mawa msewu wa kumalire udadzaza ng'ombe za mphatso, ndipo patsogolo pake pankayenda Kazembe Likongwe wa ku Bolako, diso limodzi litatupa. Atafika pabwalo, adagwada. Chikhalire, kazembe wa dziko lina anali asanagwadepo ku Dikirani. Onse ankabwera kudzalangiza, ataimirira.

"Mwinidziko," adatero Kazembe Likongwe, "kwathu kwayaka moto. Zaka zonsezi anthu athu akadandaula kuti intaneti ikuchedwa, mfumu yanga inkapita pa wailesi n'kunena kuti, 'Inde ikuchedwa, koma bola ife, taonani a ku Dikirani.' Anthu ankaseka, mitima n'kukhala pansi. Chaka chino tayang'ana pansi pathu, palibe munthu. Anthu ali m'misewu. Diso ili andigenda ndi foni."

"Ndiye mukufuna chiyani kwa ine?"

"Bwererani pamalo panu, Mwinidziko. Si ife tokha tikulira. Amene ali pamwamba pathu nawo sakudya, poopa kuti ifenso tingasowe, mchira n'kugwera iwo. Maiko onse aja mukuwaona pa pepalawa adatsamira pa inu. Mwachotsa mwala wapansi."

Mfumu idayang'ana ng'ombe, idayang'ana kazembe wogwadayo, idayang'ananso ng'ombe. Kenako idaitanitsa mndandanda wakale uja n'kuuimika patebulo, ndipo idaona ndi maso ake kuti Pompano, Msangamsanga ndi ena onse adakhaladi pamwamba pa Dikirani ngati njerwa pa maziko.

"Ndiye kuti onsewa tawasenza ndife?"

"Ndinu, Mwinidziko!" lidayankha bwalo lonse.

Nduna ya Miyambo idatsitsimuka. Idati makolo adanena kale kuti paulendo wamkulu amayenda pambuyo, kuti aziona ana onse. Ulendo uno Mfumu idaiyamikira.

"A Kamtedza, chaka chamawa tibwerere kumchira, malo a makolo athu. Wina akatilanda malowo, dzina lanu..."

"Pa wailesi, Mwinidziko."

"Mwayamba kuphunzira."

A Kamtedza adabwerera kunyumba akuimba likhweru. Pa ntchito zonse zimene adapatsidwapo m'moyo wawo, iyi yokha ndi imene ankaidziwa bwino. Kwa miyezi ingapo sadachite kanthu, ndipo adachita zimenezo mwakhama.

Sabata yoyeza itayandikiranso, mlembi wamkulu wa unduna, a Dzoole, adalowa mu ofesi osagogoda, nkhope itagwa.

"Bwana, zinthu zaipa."

"Chingwe chaduka?"

"Chikadaduka bwenzi tikudziwa chochita. Intaneti ikuthamanga."

A Dzoole adadina foni yawo pamaso pa a Nduna. Tsamba lidatseguka nthawi yomweyo, mopanda manyazi.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Palibe, bwana. Anthu sadabwerere. Chitsekereni chija ambiri sadagulenso. Msewu uli pululu, ndipo ochepa amene atsalamo akuuluka. Mmene zililimu tipitirira Bolako, mwinanso ndi ena a pamwamba pake."

"Mulungu atichitire chifundo," adatero a Kamtedza.

Kudula chingwe sikukadathandiza, chifukwa dziko likadasowanso pamndandanda. A Chapola adafunsidwa nzeru, koma adati iwo adaphunzira kuchotsa anthu pamsewu, kuwabwezeramo ndi za unduna wina. Lamulo lidatuluka lakuti aliyense agule intaneti. Anthu adalilandira mwaulemu, adavula zipewa, n'kunena kuti agula akangopeza mbuzi. Potsiriza a Kamtedza adavala suti ija n'kutsikira okha ku msika wa Tiyeseko.

Adampeza Nangondo akupinda madiresi, atanenepako pang'ono.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu bwana. Mwabwera kudzatseka chiyani lero?"

"Ndabwera kudzakupemphani kuti mubwerere pa intaneti."

"Ine? Ndidapuma zimenezo. Sabata ija mudatitsekera ndidatumiza uthenga pa basi, kudzera kwa kondakitala. Udafika tsiku lomwelo, yankho n'kubwera mawa lake, ndi nthochi pamwamba. Mbuzi zanga tsopano zikuswana. Ndibwererenji?"

"Ikuthamangatu masiku ano."

"Ndiye mukudandaula chiyani?"

A Kamtedza adayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Ndikufuna ichedwe."

Msika, umene unkaoneka ngati sukumvetsera, udasiya zonse zimene unkachita. Nangondo adawayang'ana a Nduna monga amayang'anira kasitomala amene wayesa jekete n'kulikonda asanafunse mtengo.

"Tsono kuti ichedwe, mukufuna ife tidzazemo."

"Eya, mayi."

"Tonse?"

"Aliyense amene ali ndi chala."

"Pa mbuzi?"

"Tikhoza kukambirana. Mbuzi yopanda bere."

"Pitani bwino, bwana. Mukapereke moni kunyumba."

"Mwana wa mbuzi."

"Anthuni, bwanawa ndi oseketsa, bwanji sitinkadziwa?"

"Nkhuku! Ngati ku Msangamsanga."

"Ku Msangamsanga nkhuku yawo imathamanga. Inu mukutigulitsa yoti izichedwa, ndipo mwanena nokha pamaso pa mboni. Chovala chong'ambika sitigulitsa pa mtengo wa chatsopano. Funsani aliyense pa kaunjika pano."

"Ndipo ntchito yochedwetsayo tigwira ndife," adaponyapo wamakala uja. "Kunena zoona, bwenzi mukutilipira."

A Kamtedza adapukuta thukuta. Adachita zimene ogula onse amachita: adatembenuka n'kuyamba kuchoka, akuyembekezera kuitanidwa. Palibe adawaitana. Adayenda pang'onopang'ono mpaka pa ogulitsa mafuta ophikira, adaimapo kanthawi akuwerenga chikwangwani, kenako adabwerera okha.

"Mulu wa tomato," adatero.

"Waung'ono," adatero Nangondo. "Ndi basela."

Mtengo watsopano udalengezedwa monga nsembe ya Mfumu poteteza malo a makolo, ndipo Nduna ya Chuma, imene inkafuna kutsutsa, idapeza mutu wa Mfumu utagwedezeka kale. Anthu adalowa pa intaneti ngati ngumbi. Adalowa a kabaza, osoka nsapato, abusa a ng'ombe ndi abusa a mipingo. Anthu amene anali asanagwirepo foni adabwereka kwa apongozi. Aliyense ankatumiza moni kwa aliyense, n'kutumizanso wina wofunsa ngati woyamba uja wafika. Chingwe chidabuula. Intaneti idachedwa kuposa mmene idachedwerapo chilengedwere dziko, koma madandaulo anali ochepa, pakuti kudikira kwa tomato sikupweteka ngati kudikira kwa mbuzi.

Mndandanda utafika, Dikirani anali kumchira, ndipo anali kutali ndi womutsatira moti panalibe wokayika. Malipenga adalira. Mfumu ya ku Bolako idatumiza mawu othokoza. A Kamtedza adavekedwa mendulo ya Mwala Wapansi, imene inali yolemera moti adabwerera kunyumba atawerama.

Mfumu idawerenga tsamba la liwiro lokha. Tsamba la mtengo adaliwerenga a Kamtedza, ali pakhonde pawo, ndipo mendulo ija idawalemera kawiri. Dikirani anali atachoka pamwamba pa maiko odula. Tsopano anali pakati pa otchipa, phewa ndi phewa ndi Pompano. Pamalo pake pakale, pamwamba penipeni, padakhala ufumu wa Zadula.

M'mawa mwake a Kamtedza adayendetsa okha galimoto kupita ku msewu wochokera ku Zadula, n'kuima pamphambano. Sadadikire nthawi yaitali. Fumbi lidaoneka, kenako nyanga, kenako munthu wamkono womangidwa m'khosi akuyenda patsogolo. Ng'ombe zake zinali zambiri kuposa za ku Bolako, ndiponso zonenepa.

A Kamtedza adaiona nkhani yonse mpaka kumathero kwake. Munthu ameneyu akagwada pabwalo, Mfumu iyang'ana ng'ombe, ndipo ilamula kuti mtengo ubwerere pa mbuzi. Mtengo ukabwerera pa mbuzi, Nangondo abwerera kwa kondakitala wake, intaneti ithamanga, Dikirani achoka kumchira, lole ibwera. A Kamtedza akati akane kukweza mtengo, lole ibwerabe. Misewu yonse inkathera pansi pa mkuyu wa kumudzi uja.

"Takulandirani," adatero a Kamtedza. "Ine ndine Nduna ya Mauthenga ndi Mawaya. Ulendo wa kuti?"

"Ndine Kazembe Sambani wa ku Zadula. Ndikupita kwa Mwinidziko. Kwathu kwavuta, a Nduna. Zaka zonsezi anthu athu akalira kuti intaneti yadula, tinkawauza kuti..."

"Ndikudziwa zimene munkawauza."

"Ndiye tiperekezeni tikagwade. Akweze mtengo, abwerere pamalo pake, kwathu tipume."

Apa m'pamene a Kamtedza, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo wonse waunduna, adayambitsa kanthu.

"Mwinidziko adzakondwa kwambiri kukuonani," adatero. "Kungoti mwambo udasintha. Dziko lathu likupita patsogolo, Kazembe. Masiku ano wofuna kuonana ndi Mfumu amapempha pa intaneti."

"Pa intaneti ya kuno?"

"Ya konkuno. Musadandaule, ndi yotchipa kwambiri."

Adamulembera pofunsira pake. Adamuonetsanso mtengo wa mthunzi wabwino m'mbali mwa msewu, pafupi ndi kamtsinje, pamalo a msipu wambiri. Kazembe Sambani adathokoza chifukwa cha kulandiridwa bwino, adayala mpango pansi, adakhala, n'kudina.

A Kamtedza akadali m'nyumba ya ku Phiri la Nduna, ndipo chaka ndi chaka amalandira mendulo. Kazembe Sambani nayenso akadali pamphambano paja. Mkono udapola, adamangapo kanyumba, ndipo mkaka wake umayamikiridwa pa msika wa Tiyeseko. Akuti mwezi wathawu tsamba loyamba la pempho lake lidatseguka. Likufuna chithunzi cha ng'ombe iliyonse. Ng'ombezo zikuswana.